Ansembe a ku Ireland ankaopa chiyani?

Achimwene, mwafunsa kuti ansembe a ku Ireland ankaoperanji chikomyunizimu chonsecho anthu ambiri m'dzikolo anali Akatolika okhazikika. Ine ndine Mkatolika ndipo nkhaniyi imandikhudza, ndiye mundilole ndiyankhe motalikirako.

Mantha awo sanali ongopeka ayi. Ankamva za ku Russia, komwe boma linkatseka matchalitchi ndi kumanga atsogoleri a mipingo. Ankamva za ku Mexico, komwe ansembe ankaphedwa m'zaka za m'ma 1920. Kenaka mu 1936 nkhondo yapachiweniweni itabuka ku Spain, ansembe ndi masisiteri zikwi zingapo anaphedwa. Nawo anthu a ku Ireland anali ndi chilonda chawo chakale, poti makolo awo anazunzikapo pansi pa malamulo a Angerezi chifukwa cha chikhulupiriro chomwechi. Ku Roma nako mawu anali omveka: Papa Pius XI analemba mu 1931 kuti munthu sangakhale Mkatolika wabwino n'kukhalanso wa sosholizimu weniweni, ndipo mu 1937, m'kalata ya Divini Redemptoris, anati chikomyunizimu ndi choipa kuchokera kumizu.

Pamene pandivuta ine ndi apa. Akomyunisiti enieni ku Ireland anali ochepa zedi, ndipo chipani cha Communist Party of Ireland sichinapambanepo mpando ngakhale umodzi ku nyumba ya malamulo ya ku Dublin. Ndiye ndodo inkagwera ndani? Kawirikawiri inkagwera amphawi amene ankadandaula za malo olima, lendi ndi malipiro.

Mu September 1931 ena a IRA, gulu la zida lomenyera ufulu wa Ireland yense, monga Peadar O'Donnell, anayambitsa bungwe la Saor Éire lofuna boma la alimi ang'onoang'ono ndi anthu apantchito. Mu October chaka chomwecho maepiskopi onse analemba kalata imene inawerengedwa m'matchalitchi, yonena kuti bungwelo ndi lachikomyunizimu ndipo Mkatolika asalowemo. Boma la W. T. Cosgrave linaliletsa masiku omwewo. Mu March 1933, nyengo ya Lenti, ulaliki wotentha utamveka mumzinda wa Dublin, chikhamu cha anthu chinazinga nyumba ya Connolly House, likulu la Akomyunisiti, n'kuiyatsa moto uku chikuimba nyimbo za m'tchalitchi. Taganizani, nyimbo zotamanda Mulungu pakamwa, moto uli m'manja.

Koma nkhani imene imandiwawa kwambiri ndi ya James Gralton wa ku Effrinagh m'boma la Leitrim, dera la minda yosabereka kumene achinyamata ambiri ankathawira kunja kukasaka ntchito. Nayenso anapita ku America ali mnyamata, natenga unzika wa kumeneko. Atabwerera mu 1921 anamanga holo pamalo a bambo ake mothandizana ndi anzake a m'mudzi, n'kuitcha Pearse-Connolly Hall. M'menemo anthu ankaphunzira, kuvina, komanso kukambirana milandu ya malo, mpaka kubwezera m'nyumba mabanja amene eni malo anawathamangitsa. Zinthu zitatentha anabwerera ku America mu 1922, ndipo anadzabweranso mu 1932 kudzasamala makolo ake okalamba ndi munda mchimwene wake atamwalira. Holo ija anaitsegulanso.

Sindikubisa, Gralton analidi Mkomyunisiti, ndipo iye mwini sankakana. Koma chimene ankachita m'mudzimo chinali chiyani chofika poopseza Mpingo? Ansembe a m'deralo anadzudzula holoyo paguwa n'kuchenjeza akhristu kuti asapondeko. Anthu ena anaiwombera ndi mfuti, ndipo usiku wolowa Khirisimasi wa 1932 inatenthedwa. Mu February 1933 boma la Éamon de Valera linalamula kuti achoke m'dziko ngati mlendo wosafunika, potengera unzika wake wa ku America uja. Mlendo, m'mudzi umene anabadwira! Anabisala miyezi isanu ndi umodzi, anansi akumusunga m'nyumba zawo, mpaka anagwidwa mu August n'kukwezedwa sitima ya pamadzi ku Cobh. Sanaimepo m'khoti kuti adziteteze. Anamwalira ku New York mu 1945 osaonanso kwawo. Ife amene tikukumbukira momwe Monsignor John Roche, wansembe wa ku Ireland komweko, anapitikitsidwira kuno ku Malawi mu 1992 itatuluka kalata ija ya maepiskopi a kuno yodzudzula boma, tikudziwa kuti kuthamangitsa munthu osamuzenga mlandu kumapweteka bwanji.

Si ansembe onse anali ndi maganizo amodzi. Pa nkhondo ya ku Spain, maepiskopi anasonkhetsa ndalama m'matchalitchi ndipo amuna pafupifupi 700 anatsatira Eoin O'Duffy kukamenyera mbali ya Franco, mtsogoleri wa asilikali oukira boma la Spain, komabe Bambo Michael O'Flanagan anaima poyera kuikira kumbuyo boma la Spain limene Franco ankalimbana nalo, ngakhale zinamudanitsa ndi akuluakulu ake.

Mantha aja anapitirira ndithu. Nduna ya zaumoyo, Dr Noël Browne, amene makolo ake onse awiri anafa ndi chifuwa chachikulu, inakonza zoti amayi ndi ana osapitirira zaka 16 azilandira chithandizo chaulere kuchipatala. Maepiskopi, motsogozedwa ndi Arkiepiskopi John Charles McQuaid wa ku Dublin, anakana, nati boma likulanda udindo wa banja. Madokotala nawo anatsutsa poteteza malipiro awo. Browne anatula pansi udindo mu April 1951. Iyeyu sanali Mkomyunisiti, ndipo ana akhanda ankafa ambiri m'makomboni a Dublin nthawi imeneyo. Apa ine ndimaona kuti abusa athu analakwitsa, ndipo ndikunena izi ndi mtima wowawa chifukwa Mpingo ndi wanga.

Za Gralton, dziko lake linadzavomera kulakwa patapita zaka 83. Mu September 2016 Pulezidenti Michael D. Higgins anapita ku Effrinagh kukatsegulira chikumbutso pamalo pomwe panali holo ija, ndipo pamaso pa abale ake ananena kuti kumuthamangitsa kuja kunali kulakwa kosati n'kuikira kumbuyo.