EpiPen mufiriji? Yankho kwa mayi wa ku Ulongwe

Mayi wina wa ku Ulongwe wandilembera imelo. Mwana wawo wa zaka 9 amatupa akadya mtedza, malume ake anamubweretsera EpiPen imodzi (kachipangizo kobayira mankhwala a adrenaline) kuchokera ku Joni, ndipo banja likusamukira mumzinda wa Tete. Akufunsa ngati aziisunga mufiriji. Kumapeto anangotchula modutsa kuti ziwengo zikayamba amamumwetsa kaye piritoni n'kudikira.

Mayi, za firijizo tifikako. Chandidetsa nkhawa ine ndi kudikirako.

Piritoni amaziziritsa kuyabwa basi, komanso amachedwa kugwira. Satsegula kukhosi ndipo sakweza BP ikagwa. Ntchito imeneyo ndi ya adrenaline, amene amafinya mitsempha ya magazi n'kutsegula njira za mpweya. Ndiye mwana akadya mtedza n'kuyamba kusasa mawu, kutupa lilime, kutsokomola kosalekeza, kupuma molira ngati wa mphumu, kusanza mobwerezabwereza kapena kulefuka, mubayeni EpiPen pomwepo. Nthawi zina ziwengo sizituluka n'komwe. Kubaya mwana amene akanachira yekha kumangomugunditsa mtima ndi kumunjenjemeretsa kwakanthawi, koma kuchedwa kumapha.

Ndipo kwathu kuno mtedza suchita kulengeza. Uli m'nkhwani zotendera, m'phala, m'futali. Mtondo wasinja nsinjiro m'mawa, masana womwewo usinja chigwada. Chipande chimodzi chavundula miphika iwiri. Kuphika kapena kukazinga sikumupulumutsa. Ndiye pali agogo aja onena kuti "azilawa pang'onopang'ono thupi lizolowere". Akanizeni mwaulemu, koma akanizeni ndithu, zimenezo si zoyesera pakhomo. Pamaliro ndi paukwati mwana azidya zomwe mwamunyamulira.

Onaninso kuti malume aja anagula EpiPen iti. Ya pepala lobiriwira ili ndi 0.15 mg, ndi ya ana aang'ono. Yachikasu ili ndi 0.3 mg, ya amene afika makilo 25 mpaka 30, malinga ndi zolembedwa pabokosi. Mwana wa zaka 9 amakhala cha m'malire momwemo, choncho kamuyezetseni sikelo, adokotala akuuzeni yoyenera.

Kabayidwe kake

Ifumbateni, chala chachikulu chisakhale kumapeto kulikonse, chifukwa anthu amadzibaya okha akaitembenuza. Zulani kachivundikiro kabuluu. Mbali ya olenji muikanikize kunja kwa ntchafu mpaka imveke kuti "tha", ngakhale pamwamba pa kabudula. Igwireni masekondi amene alembedwa pa yanuyo, zina ndi 3, zina 10. Wina agwire mwendo, popeza mwana akaphupha singano imang'amba khungu.

Kenako mugoneke chagada, miyendo m'mwamba. Ngati akubanika akhale tsonga, miyendo atatambasula. Asaimirire, ndipo musamuyendetse kupita kokwerera chapa (minibasi) ngakhale anene kuti ali bwino, chifukwa akaimirira magazi amathawira kumiyendo, mtima n'kusowa chopopa. Munyamuleni. Pakatha mphindi 5 osasintha amafunika yachiwiri, n'chifukwa chake imodzi yanuyo sikukwanira. Kuchipatala mupite ndithu ngakhale ataseka, poti vutoli limatha kubwerera pakapita maola. Kumeneko amagwiritsa adrenaline wa m'kabotolo wa 1 mg pa 1 ml, ndipo wa zaka 6 mpaka 12 amabayidwa 0.3 ml pantchafu. Muwauze nthawi yomwe munabaya.

Tsono firiji: ayi. EpiPen imafuna madigiri 20 mpaka 25, ndipo kuzizira kwambiri kungasokoneze kobayirako. Ku Ulongwe n'kozizira, sikunali vuto, koma ku Tete mu Okutobala ndi Novembala kumadutsa 40. Ikani m'kachikwama kotchinga kutentha kapena m'fulasiki yakukamwa kwakukulu yopanda ayisi. Musaisiye m'galimoto kapena pazenera. Mwezi uliwonse suzumirani pakawindo kake: mankhwala azioneka mbee ngati madzi. Akada, akafiirira kapena akakhala ndi tizinyalala, yatha ntchito. Tsiku lothera lilembeni pakalendala, ndipo aphunzitsi a mwanayo adziwe komwe imakhala ndi kabayidwe kake sukulu isanatsegulidwe.