Chodula si chingwe, ndi ngalande

Bambo wina wa ku Salima wanditumizira imelo. Ali ndi loji kunyanja, ofesi ndi zipinda za alendo zatalikirana mamita 300, ndiye akufuna kukwirira pansi chingwe cha intaneti chotchedwa faiba. Akufunsa kuti zidya ndalama zingati, nanga amaika bwanji.

Achimwene, mwanditokosa pachilonda.

Zaka zingapo zapitazo ndinkathandiza pasukulu ina ya mpingo kwathu. Tinkafuna kulumikiza ofesi ya ahedi ndi laibulale. Waya wamba wa netiweki sapitirira mamita 100, choncho tinagula faiba. Pachingwe tinalipira osanyinyirika, koma titafika pokumba tinati aa, izi n'za ganyu. Anyamata atatu anakumba tsiku limodzi, kangalande kosafika n'komwe m'mawondo. Paipi? Tinati n'kutaya ndalama. Tinagoneka chingwe padothi, kukwirira, basi n'kumakadya nsima.

Miyezi inayi zinthu zinali myaa. Kenako nthawi yososa inakwana, mlonda wathu anayamba kugalauza kamunda kake kuseri kwa laibulale. Khasu limodzi lokha. Anabwera nako kachidutswa m'manja akuti, "Aphunzitsi, ndapeza muzu wachilendo, m'kati mwake muli tsitsi." Tsitsi limenelo ndi galasi, ndipo mmenemo mumayenda kuwala, osati magetsi. Simungalipotokole n'kukulunga tepi ngati waya wa wailesi. Tinachita kuitanitsa munthu wa makina owotcherera galasi kuchokera ku Lilongwe. Thiransipoti, pogona, ntchito yake, zonse pamodzi zinaposa zimene tinaumira pangalande paja. Mlonda sindinamukalipire, wolakwa ndinali ine.

Ndinene mosapsatira: timaumira pa chinthu chimene sichioneka. Geti lokongola tigula, koma chokwiriridwa pansi timati bola chalowa. Chonsecho pantchito ya faiba yapansi, ndalama zambiri zimathera pokumba, mapaipi ndi kubwezeretsa malo, chingwecho n'chochepa. N'chifukwa chake faiba ya boma ija, imene anamanga a Huawei ndi ngongole ya ku China n'kuipereka m'manja mwa ESCOM, mbali yaikulu inangotsatira mizere ya magetsi m'mwamba. Mapolo analipo kale, kukumba kuchokera ku Nsanje mpaka ku Karonga ndani akanakwanitsa?

Ndipo musandiyambitse za akuba. Amadula faiba poganiza kuti muli kopa woti akagulitse, akasenda n'kupeza tigalasi, n'kutaya patchire. Dziko lathu lilibe doko la kunyanja yamchere, intaneti yathu imachita kudzera ku Tanzania, Mozambique ndi Zambia kuti ikafike pa zingwe za pansi pa nyanja yamchere. Ndiye munthu mmodzi ndi chikwanje chake amatha kuzimitsa ntchito za anthu ambirimbiri, osapindulapo ngakhale tambala.

Nanga inu muchite bwanji?

Mtengo sindikuuzani m'makwacha. Chichokereni pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa katundu wochokera kunja suchedwa kusintha. Pemphani kotesheni kwa anthu atatu, aliyense alembe padera mtengo wa mita imodzi yokumba, wa paipi, wa chingwe, ndi wowotcherera nsonga. Wongotchula ndalama imodzi yophatikiza muthaweni.

Kumbani masentimita 60 kapena kuposa, podutsa galimoto fikani mita. Yalani mchenga, ikani paipi ya pulasitiki yolimba yotchedwa HDPE, chingwe chilowe m'paipimo, pamwamba pake ikani tepi yochenjeza musanamalize kukwirira. Gulani chingwe cha mtundu wa single mode (chofikitsa kuwala patali), makamaka chachitsulo kunja chifukwa makoswe amatafuna. Pokhota musapinde ngati chigongono, galasi limathyoka. Siyani kachitsime kotsekera pamakona, ndi chingwe chotsalako chokulunga m'menemo. Ngati mudutsa msewu wa tala, musaswe: pali makina oboola pansi, ndipo chilolezo mukatenge kukhonsolo kapena ku Roads Authority. Akamaliza, akuyezereni ndi OTDR, makina oonera ngati kuwala kukudutsa bwino m'chingwemo, inu muli pomwepo.

Dothi la ku Salima n'lamchenga, silivuta kukumba koma limagumuka, choncho kumbani pang'onopang'ono mukuika paipi tsiku lomwelo, mvula isanayambe. Ndipo jambulani mapu a njira yake, kope limodzi mupatse amene amalima maluwa paloji panupo.