N'chifukwa chiyani womasulidwa ku America sazengedwanso, ngakhale atavomera yekha kuti anapha?

Mwafunsa kuti zinatheka bwanji kuti anthu amene anapha Emmett Till aulule poyera koma osamangidwanso. Yankho lili m'malamulo aakulu a America, m'ndime yotchedwa Fifth Amendment ya 1791: boma silingazenge munthu kawiri pa mlandu umodzi.

Emmett anali mnyamata wakuda wa zaka 14 wochokera ku Chicago, ndipo anaphedwa ku Mississippi mu Ogasiti 1955. Azungu awiri, Roy Bryant ndi J.W. Milam, anazengedwa mwezi wotsatira m'tauni ya Sumner. Kumeneko wogamula kuti munthu ndi wolakwa si jaji, koma jury, gulu la anthu wamba 12. Onse anali amuna achizungu, poti mayina ankatengedwa m'kaundula wa ovota, ndipo m'dera limenelo munalibe wakuda wolembetsa. Mose Wright, wachibale amene mnyamatayo ankakhala naye, anaimirira m'khoti n'kuloza amene anamutenga usiku. Maloya a oimbidwa mlandu anangoti mtembo wovuulidwa mumtsinje wa Tallahatchie sunali wa Emmett. Patangodutsa ola limodzi ndi mphindi zochepa, jury inawamasula. Mu Januwale 1956 magazini ya Look inasindikiza nkhani imene awiriwo anafotokozamo mmene anamuphera, ndipo analipidwa. Apa lamulo silinalakwe kanthu. Chinawola ndi kasankhidwe ka anthu 12 aja.

Chitetezochi chimayamba jury ikangolumbira. Ikanena kuti munthu alibe mlandu, oimira boma sangachite apilo, kaya patuluke umboni watsopano wotani. Koma mipata ilipo, ndipo ndi imene imasokoneza anthu ambiri.

Jury ikalephera kugwirizana, ndiye kuti chigamulo palibe, mlandu ukhoza kuyambiranso. Byron De La Beckwith, amene anapha Medgar Evers, womenyera ufulu wa anthu akuda, pomuwombera mu 1963, anazengedwa kawiri mu 1964 koma jury sinamvane chimodzi. Anadzapezeka wolakwa mu 1994. Akanamasulidwa poyamba paja, nkhani ikanathera pomwepo.

Komanso America ili ndi maboma awiri osanjikizana, la chigawo ndi la dziko lonse, lililonse ndi malamulo ake. Apolisi anayi amene anazengedwa chifukwa chomenya Rodney King, munthu wakuda, sanapezeke olakwa m'khoti la California mu Epulo 1992, ndipo mu Los Angeles munabuka ziwawa. Mu 1993 boma la dziko lonse linawazenga pa mlandu wophwanya ufulu wa King, ndipo awiri mwa apolisiwo, Stacey Koon ndi Laurence Powell, analamulidwa kukhala m'ndende miyezi 30. Khoti lalikulu kwambiri linatsimikizanso njira imeneyi mu 2019 pa mlandu wa Gamble.

Nkhani ya O.J. Simpson, katswiri wakale wa mpira wa ku America, ndiyo imafunsidwa kwambiri. Anamasulidwa pa 3 Okutobala 1995 pa mlandu wopha Nicole Brown Simpson, amene anali mkazi wake, ndi Ron Goldman, koma mu Febuluwale 1997 jury ina inamulamula kulipira madola 33.5 miliyoni. Sanazengedwe kawiri ayi. Mlandu wachiwiriwo anasuma ndi abale a omwalirawo, osati boma, ndipo ankafuna chipukutamisozi, osati ndende. Muyeso wa umboni umasiyananso. Boma likamazenga munthu, liyenera kuchotsa chikayiko chilichonse chomveka. Loya akangoboola pamodzi, monga anachitira maloya a Simpson poonetsa kuti wapolisi Mark Fuhrman, mboni ya boma, ananama atalumbira, umboni wonse umayamba kukayikitsa. Pa mlandu wa chipukutamisozi n'kokwanira kuti mbali imodzi ilemere pang'ono kuposa inzake. Ndiponso pa mlandu woyamba Simpson anali ndi ufulu wokhala chete, ndipo anakhaladi chete. Pa wachiwiri anayenera kuyankha mafunso, mpaka anamuonetsa zithunzi atavala nsapato za Bruno Magli, mtundu umene mapondedwe ake anapezeka pamalo ophera anthuwo, zimene ankakana kuti anali nazo.

Palinso za ziphuphu, ngakhale n'zosowa. Harry Aleman wa ku Chicago anamasulidwa mu 1977 pa mlandu wakupha, ndipo zinadzadziwika kuti jaji analandira madola 10,000. Makhoti anati munthu amene anagula jaji sanali pangozi yopezeka wolakwa, choncho chitetezo sichimukhudza. Anazengedwanso n'kupezeka wolakwa mu 1997.

Kwa Bryant ndi Milam kunatsala mlandu wosiyana, woba munthu. Mu Novembala 1955 jury yaikulu ya dera la Leflore, imene imaona ngati mlandu uyenera kupita kukhoti, inakana kuwaimba mlanduwo. Milam anamwalira mu 1980, Bryant mu 1994, onse ali mfulu.