Za kugula masheya chifukwa oyandikana nawo apeza mafuta

Achimwene, mwafunsa ngati n'kwanzeru kupatula gawo la ndalama za fodya amene mwagulitsa ku Chinkhoma kuti mugule masheya a kakampani kofufuza mafuta ku Namibia, popeza mlamu wanu wa ku Johannesburg akuti malo a kakampaniko achita malire ndi pamene kampani yaikulu inapeza mafuta. Maganizo anga ndi akuti malirewo paokha si chifukwa chokwanira chotulutsira ndalama, ndipo ndifotokoza motalikirapo.

Ife a kuno ku Kasungu nkhani imeneyi timaidziwa kudzera m'mijigo. Kwathu obowola anapeza madzi ambiri pafupi ndi sukulu, anthu n'kusonkherana kuti abowolenso kuseri kwa tchalitchi, mtunda woyenda mphindi zisanu zokha, koma makina analira masiku awiri akutulutsa fumbi la mwala lokhalokha mpaka anapakira zitsulo zawo n'kumapita. Mafuta ndiye ovuta kuposa madzi. Pamafunika mwala umene unabala mafutawo, mwala wina wa timibowo wowasunga, wina wolimba pamwamba pake wowatsekereza kuti asathawe, komanso kuti miyalayo ikhale itapindika mwa njira yoti mafuta asonkhane pamodzi. Chitsime cha oyandikana nawo chimangotsimikizira kuti m'deralo munabadwa mafuta, koma sichinena kanthu ngati zinthu zinazo zinakumana pansi pa malo a kampani yanuyo.

Zimene zinachitika ku Guyana, dziko la ku South America, ndi zimene ndimakumbukira nthawi zonse. ExxonMobil inapeza mafuta abwino kwambiri m'nyanja ya kumeneko mu 2015, ndipo malo oyandikana nawo, otchedwa Orinduik, anali m'manja mwa Tullow Oil ndi kampani yaing'ono ya Eco Atlantic, pamodzi ndi Total. Mu 2019 anabowola zitsime ziwiri, Jethro ndi Joe, mafuta n'kupezekadi, masheya n'kukwera. Mu Novembala chaka chomwecho zotsatira za kuyeza zinaonetsa kuti mafutawo ndi olemera komanso a salufa wambiri, ovuta kupopa ndiponso otsika mtengo, ndipo masheya a Eco Atlantic anagwa pafupifupi ndi theka tsiku limodzi. Onani kuti apa mafuta anapezeka ndithu, koma amene anagula mochedwa analuza.

Ku Namibia komweko nkhani siyosalala monga ikumvekera m'mauthenga a pa WhatsApp. Shell ndi TotalEnergies zinalengeza mu 2022 kuti zapeza mafuta m'dera la Orange Basin, pa zitsime za Graff ndi Venus, ndipo kampani ya Galp inatsatira ndi chitsime cha Mopane mu 2024. Koma kumayambiriro kwa 2025 Shell inavomereza kutaya ndalama pafupifupi madola 400 miliyoni zimene inalowetsa kumeneko, ponena kuti pakadali pano sikuona njira yotulutsira mafutawo mwaphindu. Ngati mwini chitsime weniweni anabwerera m'mbuyo chonchi, wa pamalire angayembekezere chiyani?

Chimene anthu ambiri safunsa ndi chakuti ndani adzalipire kubowola. Kakampani kofufuza sikagulitsa kanthu, kamangodya ndalama za eni masheya, pamene chitsime chimodzi cha m'nyanja yakuya chimafuna madola mamiliyoni makumimakumi. Ndalama zikachepa, kamatulutsa masheya atsopano, kawirikawiri pamtengo wotsika, ndipo gawo lanu limachepa ngati mmene ndiwo zimachepera alendo akachuluka pamphasa. Njira ina kamagulitsa mbali yaikulu ya layisensi yake yofufuzira mafuta kwa kampani yaikulu kuti iyo ibowole. Choncho musanagule, mlamu wanuyo akuuzeni kuti kampaniyo ili ndi ndalama zingati m'banki malinga ndi lipoti lake lomaliza, ili ndi gawo lanji pa layisensiyo, layisensiyo itha liti, ndipo tsiku lobowola chitsime chakechake linaikidwa kapena ayi. Akakuyankhani ndi mapu a mitundumitundu oonetsa malire okha, dziwani kuti nayenso sanawerenge. Muganizirenso kuti nkhani ikamafika pagulu lathu lino imakhala itadutsa kale m'manja mwa ogula a ku London ndi Toronto, kumene masheya otere amagulitsidwa, ndipo mtengo umakhala utakwera kale. Ngakhale zitayenda bwino, kudikira kwake n'kwakutali, poti Uganda inapeza mafuta ku nyanja ya Albert mu 2006 koma zaka 18 zinatha isanayambe kugulitsa.

Palinso vuto la kwathu kuno. Pa Malawi Stock Exchange ku Blantyre palibe kampani yofufuza mafuta, kotero masheya amenewa amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, zimene nonse mukudziwa mmene zikusowera, ndipo kuzitumiza kunja kuli ndi malamulo a Reserve Bank of Malawi. Mukapereka makwacha kwa mlamu kuti agule m'dzina lake, masheyawo pamaso pa lamulo ndi ake, ndipo nkhani zotere zadanitsapo abale ambiri.

Ine sindikunena kuti palibe amene anapindulapo, alipo ndithu, makamaka amene anagula chitsime chisanabowoledwe n'kugulitsako ena mtengo utakwera zotsatira zisanatuluke. Koma ndikanakhala inu, ndikanayamba ndapatula za feteleza, za matenanti ndi za fizi ya ana, kenako n'kuona ngati patsala ndalama yoti itatayika yonse simungagone ndi njala kapena kugulitsa ng'ombe. Imeneyo yokha ndi imene mungayesere, ndipo akaunti yogulira masheyawo ikhale m'dzina lanu, kudzera ku kampani yovomerezeka imene mungathe kuifufuza nokha.