Mwana wakula akuona nkhanza, kodi wawonongeka basi?

Sabata yatha ndalandira imelo ya amayi ena a ku Lizulu. Akulera mwana wa malemu mng'ono wawo, mnyamata wa zaka 13, anakula akuona bambo ake akumenya mayi ake akabwera kokamwa kachasu, pano sukulu akungojomba, amakhalira kusenza matumba a kachewere pamsika. Akuti kodi ameneyu wawonongeka basi kapena ndimupezere munthu womulangiza?

Mayi, sanawonongeke ayi. Koma sindikunamizani, zimene waonazo zimasiya chipsera. Ku San Diego, mzinda wa ku America, Vincent Felitti ndi Robert Anda anafunsa anthu akuluakulu oposa 17,000 pakati pa 1995 ndi 1997 za ubwana wawo, kumenyedwa, kholo lachidakwa, banja kutha, ndiye anapeza kuti mavutowa akamaunjikana pa mwana mmodzi, akakula uchidakwa, matenda a mtima ngakhale kufuna kudzipha zimamupeza mosavuta.

Koma kafukufuku amene amandilimbitsa mtima ine ndi wa Emmy Werner. Anatsatira ana 698 obadwa mu 1955 pachilumba cha Kauai ku Hawaii mpaka atakula, ndipo mwa amene anakulira mu umphawi ndi mikangano, mmodzi mwa atatu anadzakhala munthu wolongosoka bwinobwino. Ambiri mwa amenewa anali ndi wamkulu mmodzi amene sanawataye, kaya agogo, azakhali, aphunzitsi, mkulu wa mpingo.

Ndiye eya mupezereni, bola musankhe mofatsa, apa ndi pamene ambiri timaphonya. Jean Grossman ndi Jean Rhodes mu 2002 anaona ana a pologalamu ya Big Brothers Big Sisters ku America, yopezera ana munthu wamkulu wowalangiza, amene mlangizi anakhala nawo chaka kapena kuposa ndi amene anapindula kwambiri, koma amene anasiyidwa miyezi itatu isanakwane anayamba kudziona ngati achabechabe kuposa kale. Tangoganizani mwana woti mayi anamwalira, bambo kulibe, wina abwere ndi chikondi cha masabata awiri kenako wakwera basi ya ku Joni.

Yang'anani wokhazikika pamudzi pompo, wamakhalidwe amene inu mukuwadziwa. Wokonza njinga amene Loweruka lililonse angamuuze kuti tagwira sipanala iyi, uku akumufunsa za masamu, aposa mlaliki wa tsiku limodzi. Mnyamata sayankhula mukamukhazika pampando, amayankhula manja ali ndi girisi. Inuyo muzidziwa komwe ali ndi nthawi yobwera.

Kaonaneninso ndi ahedi, ndipo ngati bambo aja akumabwerabe kudzamuopseza imbani 116, nambala yothandiza ana, ndi yaulere.