Kusalira pamaliro si kuuma mtima

Mayi wina wandilembera imelo kuti bambo ake atamwalira sanagwetse msozi ngakhale umodzi, ndipo abale akumunena kuti ndi wouma mtima. Akufunsa ngati maso ake ali ndi vuto. Achemwali, kalata yanu ndaiwerenga katatu, chifukwa mwandikhudza pachilonda.

Amayi anga atatisiya, ine m'maso munali gwa. Ndinkangothamangathamanga, kulandira anthu, kuyankha mafoni, usiku n'kumayang'ana kudenga mpaka mbandakucha. Wachibale wina anandikokera pambali n'kundifunsa kuti, "Koma iwe, amayi akowa unkawakonda?" Mawu amenewo amandibayabe mpaka lero. Patatha miyezi inayi, ndikudula anyezi, maso anayamba kuwawa, misozi n'kutsika monga mwa nthawi zonse. Koma ulendo uwu sinaleke. Ndinakhala pansi mpeni uli m'manja, n'kulira mpaka mawu kusasa.

Tsiku limenelo inakumana misozi ya mitundu iwiri. Ya anyezi ndi yotsuka: mpweya wake ukafika m'diso, kachiwalo kamene kali pamwamba pa diso, chakunsi kwa nsidze, kamakhuthula madzi kuti akokolole zowawazo. Yachisoni imachokera m'kachiwalo komweko, koma woilamula ndi mbali ya ubongo yoona za mmene tikumvera, ndipo munthu akadzidzimuka kwambiri zonse zimatha kungoti zii. Choncho amene amayeza chikondi powerenga madontho akulakwa, ndipo ndinene mosabisa, akuchitira nkhanza munthu wovulala kale. Khanda lobadwa kumene limalira mokuwa milungu yoyambirira popanda misozi yotsika m'masaya. Ndani anganene kuti silikumva kanthu?

Misozi yosaoneka

Pamene mukuwerengapa muli nayo misozi. Mukaphethira, chikope chimapaka diso zinthu zitatu: zonanda, madzi amchere, ndi mafuta ochokera m'mphepete mwa zikope oletsa madziwo kuuma msanga. M'madzimo muli puloteni yotchedwa lysozyme, imene wasayansi Alexander Fleming anaifotokoza mu 1922, yoswa khungu la mabakiteriya ena. Misozi yotsala imalowa m'timabowo ta pakona ya diso n'kutsikira m'mphuno, n'chifukwa chake wolira amaminaso.

Ngati maso akuotcha, akufiira kapena mukumva ngati muli mchenga, kaonaneni ndi dokotala wa maso. Ngati ayi, asiyeni. Koma tulo ndi chakudya zikamakukanikani kwa milungu yambiri, pezani phungu kapena munthu womukhulupirira mukhuthule zakukhosi.