Kodi data steward ndi ndani, nanga agwira nchito yanji pa kafukufuku wanu?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mlongo wina amene akuchita masters, kafukufuku wake ndi wa alimi a nshawa ku Katete ndi Chadiza. Akuti amene akumupatsa ndalama amutumizira fomu ya data management plan (pulani ya mmene adzasamalire data yake), ndipo penapake akufunsa ngati pa yunivesite pawo pali data steward. Funso lake: "Munthu ameneyu ndi wa IT kapena ndi wa ku laibulale, nanga ine ndingamufunirenji poti data yanga ili bwinobwino mu laputopu?"

Alongo, zikomo polemba. Si wa IT wokonza makompyuta ayi, komanso sadzakuchitirani analysis, imeneyo ndi yanu ndi asupavaiza anu. Nchito yake ndi kuonetsetsa kuti zomwe mwatolera m'midzimo zisasowe, zisagwere m'manja olakwika, ndiponso munthu wina, olo inu nomwe pakapita zaka zisanu, akatsegula fayilo amve zomwe zalembedwamo. Ku TU Delft, ku Netherlands, anayamba kuika anthu otere m'mafakate awo mu 2017. Kuno kwathu nchitoyi kambiri imagwera a ku laibulale amene amayang'anira repository (nkhokwe ya pa intaneti yosungiramo kafukufuku wa pasukulupo), ndiye musafunefune chitseko cholembedwa dzinalo, kafunseni kumeneko.

Manje nkhani ya metadata, mawu ofotokoza data yanu, ndi imene imandikhudza kwambiri, chifukwa ndinaziona ndi maso. Zaka zapitazo ndinathandiza gulu lina kuyeretsa data ya zokolola, tinatsegula Excel nkupeza kolamu yolembedwa "yield", pansi pake 12, 8, 30, 99. Khumi ndi ziwiri za chiyani? Matumba a 50kg kapena mameda? Nshawa zosenda kapena zamakoko? Kukula kwa munda wina analemba malima, wina maekala, pomwe lima imodzi ndi kota ya hekitala, ekala ndi yokulirapo. Ndipo 99 ija tinadzamva mochedwa kuti mnyamata wina wofunsa mafunso ankailemba mlimi akakana kuyankha, koma inali italowa kale mu avereji ngati matumba 99. Anyamatawo anali atabalalika, wina ku Lusaka wina foni siikupezeka. Ndinamva chisoni kwambiri poganiza za amai amene anasiya khasu kumunda nkukhala pansi pa mtengo ola lathunthu kuyankha mafunso, mayankho awo nkuthera pamenepo.

Metadata ndi zimenezo basi, mawu ofotokoza manambala anu: kolamu iyi itanthauza chiyani, muyeso wake ndi uti, anatolera ndani, liti, mudzi uti, mafunso anafunsidwa m'Chinyanja kapena m'Chinsenga. Data steward wabwino amakhala nanu pansi musanakwere njinga kupita kumudzi, mumapangira limodzi codebook (ndandanda yofotokoza kolamu iliyonse ndi makodi ake), ndipo ngati mugwiritsa nchito KoboToolbox, pulogalamu yotolerera mayankho pa foni, amakuthandizani kutseka fomu kuti munthu asathe kulemba nambala asanasankhe muyeso. Amakuuzaninso zazing'ono monga kulemba deti ngati 2025-03-04, chifukwa 03/04 wina awerenga Malichi wina Epulo.

Za laputopu ija, chonde musadalire imodzi. Makope atatu, pa zinthu ziwiri zosiyana, imodzi ikhale kutali ndi nyumba yanu. Fulashi yokhala m'chikwama chimodzi ndi laputopu sithandiza chikwamacho chikabedwa pa siteshoni.

China chimene ambiri timachipeputsa ndi maina a anthu. Zambia ili ndi Data Protection Act ya 2021, ndipo maina, manambala a NRC, mafoni ndi GPS ya pakhomo pa munthu si zotumizirana pa gulu la WhatsApp. Steward adzakuonetsani kusunga maina pa fayilo yapadera yokhoma, mu data yeniyeni mungotsala makodi. Koma olo mutachotsa dzina, mukalemba kuti mai wamasiye wa zaka 70 wa ng'ombe 15 m'mudzi wakuti, aliyense kumeneko amudziwa. Pamenepa mpofunika maso a munthu wozolowera. Consent form, fomu yopemphera chilolezo kwa oyankha, nayo inene poyera ngati data idzagawidwa kwa ena, simungabwerere chaka chamawa kukapempha chilolezo khomo ndi khomo.

Pa fomu yanuyo muona mawu akuti FAIR, mfundo zimene zinasindikizidwa mu 2016: data ipezeke, ifikirike, igwirizane ndi ya ena, ithe kugwiritsidwanso nchito. Sizitanthauza kuti zonse zikhale poyera ayi, mutha kuonetsa metadata yokha data nkukhala yotseka. Mukamaliza mutha kuika pa repository ya yunivesite yanu kapena pa Zenodo, repository ya bungwe la sayansi la CERN, ndi yaulere ndipo imakupatsani DOI, nambala yosasintha yopezera data yanu pa intaneti, kuti wogwiritsa nchito data yanu akutchuleni. Tsegulaninso ORCID, nambala yokuzindikiritsani ngati wofufuza, siilipiritsa.

Mukapeza kuti pasukulu panu palibiretu munthu wotere, webusaiti ya DMPonline ili ndi mafunso okutsogolerani polemba pulani. Ndipo nditumizireni maina a makolamu anu okha, opanda mayankho a anthu, ndiwaone Loweruka lino musanapite ku Chadiza.